Kapamba Wanga ndi Chipale cha ku Wicklow

Ndiyambe ndi kukonza nkhani, chifukwa amami akhala akuuza anthu ku tchalitchi kuti mwana wawo anasocheretsedwa ndi anzake oipa. Ayi ndithu. Mnzake woipayo ndine. Maganizo anali anga, bodza linali langa, ma ski ndinatola ndekha. Dzina langa ndi Yamikani, ndili ndi zaka 16, timakhala ku Clondalkin mu mzinda wa Dublin, ndipo ndinachoka ku Ndirande ndili mu Sitandade 6.

Chizindikiro choyamba chinabwera Lamlungu lina m'mawa, mu January, ndikuvala shati yopita ku tchalitchi. Phewa lamanzere linabaya ngati wina walowetsamo msomali. Ndinadabwa, chifukwa pa malo onse amene ndinamenyetsa dzulo lake, phewa silinalipo. Ndinamwa panado muwiri n'kupita kukaimba nawo ngati mwana wabwino.

Za dzulo lakelo zinayenda chonchi.

Sabata imeneyo mapiri a Wicklow anayera mbee, moti unkawaona uli mu basi yopita ku sukulu. Chipale chinagwa kumayambiriro kwa sabata. Pakati pa sabata kunafundako, pamwamba pake panasungunuka, kenako kunazizira koopsa n'kuuma gwa ngati galasi. Lachinayi ndi Lachisanu chinagwanso china chambiri, ndi chimphepo champhamvu. Nthawi imeneyo zonsezi kwa ine sizinkatanthauza kanthu. Chipale chinali chipale basi.

Anthu ena okonza nyumba mu msewu wathu anali atataya ma ski akale, matabwa aatali otsetserekera pa chipale, m'chibini chachikulu cha zinyalala. Zogwirira nsapato zake zinali zothyoka. Koma Mmalawi sataya chinthu chifukwa choti chomangira chathyoka. Ndinatenga chubu chakale cha njinga, ndinadula mphira zazitali ngati zimene a kabaza amamangira katundu pa kaliyala, ndipo ndinayesera kuchipinda kwanga. Nsapato inagwira nganganga. Ndinadziombera m'manja.

Chinatsala ndi galimoto. Msuweni wanga, achimwene a Limbani, amapanga masters ndipo amakhala ku Rathmines, ali ndi kagalimoto kotsokomola. Ndinawauza kuti amami avomera. Amami ndinawauza kuti ndikupita kukawerenga kwa Mabvuto, mnzanga wa ku Zambia amene timaphunzira kalasi imodzi. Mabvuto ndinamuuza kuti akapanda kubwera ndiuza kalasi yonse dzina la mtsikana amene amamulota.

Loweruka m'mawa tinafika pomwe msewu unali wotsekedwa. Achimwene a Limbani anatulutsa phazi limodzi panja, analibwezanso.

"Ine ndinabwera kuno kudzaphunzira, osati kudzauma," anatero. "Pitani. Two o'clock mukhale mutabwera."

Tinakwera wapansi, ma ski paphewa. Titayenda ndithu, Mabvuto anatsalira kumbuyo akulimbana ndi zingwe za nsapato, ndipo ine ndinapeza mayi wina wachiairishi atagwada pa chipale, akukumba dzenje ndi kafosholo. Ma ski ake, enieni, anali atawamangirira pa chikwama. Ndinamufunsa ngati wataya makiyi. Anaseka, n'kundiitana kuti ndidzaone.

Khoma la dzenjelo linali ndi mizere ngati keke yodula. Pamwamba panali chipale chatsopano, chokhuthala kuyambira kuchala mpaka kuchigongono, chogwirana chifukwa mphepo inali itachipanikiza. Pansi pake panali kamzere kopyapyala kamene kankayoyoka ngati shuga ukakakhudza. Pansi pa shugayo ndiye panali galasi lija. Mayiyo anadula chibuma cha chipale, anachimenya pang'ono pamwamba ndi fosholo, ndipo chibuma chonse chinatsetsereka n'kugwera pamaondo ake.

"Waona?" anatero. "Chapamwambachi sichinagwirane ndi chapansi. Ine ndikubwerera. Ngati mukufuna kusewera, khalani mbali imene mphepo yasesa, kumene udzu ukuoneka. Kumene yaunjikako musapondeko lero."

Ananyamuka kutsika. Mabvuto anafika akupumira m'mwamba.

"Ati bwanji amai aja?"

"Akuti lero ndiye tsiku lake," ndinatero. "Akuti tapeza mwayi."

Musaganize kuti ndinalibe nzeru zanga. Ndinali nazo, kungoti zinali za ku Ndirande. Tikamatsetsereka pa makatoni m'mbali mwa phiri, unkasankha pomwe udzu wachuluka, kuti ukagwa usamve. Ndiye ndinayang'ana mbali yoseseka ija, miyala ili tong'o, ndinayang'ananso mbali ina, yosalala ngati bedi la mu hotela. Munthu wophunzira kumene agwere pa miyala kapena pa matiresi? Ndinasankha matiresi.

Mabvuto anandithandiza kumanga mphira. Anakoka mpaka mapazi anachita dzanzi.

"Iwe boi, ngati wafa nizatenga foni yako," anatero, n'kukhala pamwala kuti ajambule.

Ndinalowa pa matiresi paja cham'mbali, pang'onopang'ono. Ndinamva kulira pansi pa mapazi anga, kuti duu, ngati ng'oma yomenyedwa m'chipinda china. Mng'alu unachoka kunsonga kwa ski n'kuthamanga kudutsa potsetsereka ponse, monga imachitira sikirini ya foni ikagwa pa simenti. Ndinatembenuka kuti ndimuuze Mabvuto ajambule zimenezo. Mabvuto anali akukwera kumwamba, mwala wake ndi zonse. Kenako ndinazindikira kuti iye ali pomwepo, amene ndikupita ndine, pamodzi ndi chipale chonse chimene ndinaimapo.

Sichinali chigumukire chachikulu. Potsetserekapo panali pafupi, koma pansi pake panali kachigwa ka miyala. Ma ski enieni amapangidwa kuti munthu akagwa avuke okha. Mphira zanga zinagwira ntchito mokhulupirika. Ma ski anamira, anandikoka miyendo, anandizunguza, ndipo nthiti zamanzere zinamenya chinthu cholimba. Zonse zitaima ndinali nditakwiririka mpaka pachifuwa. Chipale chimene chinali chofewa chija chinali chitauma ngati konkire. Mwendo sunasunthe ngakhale pang'ono.

Mabvuto anatsetsereka pamatako akukuwa, anayamba kufukula ndi chivundikiro cha kontena ya chakudya. Kukuwako ndi kumene kunabweza mayi uja. Anandikumba ndi fosholo yake, anadula mphira ndi mpeni, anaziyang'ana nthawi yaitali. Anati aimbire opulumutsa anthu m'mapiri. Ine m'maganizo ndinaona kale nkhope ya adadi. Ndinadzuka, ndinavina pang'ono kuti aone kuti ndili bwino.

"Upite kuchipatala lero lomwe, ngakhale ukuvina," anatero.

Ndinati inde. Tinapeza achimwene a Limbani ali mtulo, hita ili pamwamba. Anafunsa kuti ma ski ali kuti. Ndinati tapatsa osauka.

Lolemba ndinapita ku sukulu. Pansi pa nthiti pankawawa ndikapuma kwambiri kapena ndikaseka, ndipo kwa ine kusaseka ndi matenda kale. Phewa linkabaya kwambiri ndikagona chagada. Ludzu silinkatha. Pagalasi panali kabala kakang'ono chabe, ndiye ndinati zitha zokha.

Lachiwiri m'mawa, ndikutsika masitepe, maso anachita mdima. Thukuta lozizira linatuluka thupi lonse. Ndinakhala pansi ndipo ndinasanza. Amami anali kukhitchini, atavala kale yunifolomu, poti amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Muyenera kudziwa kuti mbiri yanga pa matenda si yabwino. Ndinadwalapo malungo ku Dublin mu December, ndi botolo la madzi otentha pachipumi.

"Lero kuli mayeso a chiyani?" anafunsa osatembenuka.

Sindinayankhe, ndipo kusayankhako ndi kumene kunawatembenuza. Anabwera, anandigwira chibwano, anakokera pansi chikope changa ndi chala chachikulu monga ankachitira tili ana kumudzi. Anatembenuza zikhatho zanga. Ife khungu lathu silionetsa msanga munthu akamatha magazi, koma m'kati mwa chikope simunama. Munali moyera ngati pepala.

"Yamikani, magazi ako apita kuti?"

Anandidina pamimba mbali yamanzere. Ndinakuwa mawu amene sindinadziwe kuti ndili nawo. Anaimba foni ya ambulansi nthawi yomweyo.

Ndinaulula mu ambulansi. Bambo wa ambulansiyo anafunsa ngati ndinagwa kapena kumenyedwa masiku apitawa, ndipo ananena kuti yankho langa ndi limene liwauze kokayang'ana. Ndinanena zonse, mphira ndi zonse, amami ali pambali atagwira chikwama changa cha sukulu. Anangotseka maso.

Ku A&E, kolandirira odwala mwadzidzidzi kuchipatala, sindinadikire. Amene mwapitako mukudziwa kuti anthu amakhala pamipando paja mpaka kuiwala chimene anabwerera. Ine anandidutsitsa pakati pawo pa bedi la matayala, ndipo pamenepo mpamene ndinayamba kuopa. Anandibaya madiripu awiri, anatenga magazi, anayendetsa kamakina kozizira pamimba, kenako anandipititsa ku sikani. Pasanathe nthawi anandipachikira thumba la magazi.

Dokotala anali mayi wolankhula pang'onopang'ono. Anati kapamba wanga anang'ambika tsiku lomwe ndinamenya mwala. Kwa masiku atatu magazi ankatuluka pang'onopang'ono n'kumasonkhana m'kati mwa kachikopa kokuta kapambayo, ndipo m'mawa umenewo kachikopako kanaphulika. Kupweteka kwa phewa kunali uthenga wochokera m'mimba: magazi akakhudza mnofu umene timapumira, ululu umamvekera paphewa lamanzere. Anati ndikanabwera Loweruka, mwina akanangondigoneka n'kumandiyang'anira.

Kenako ananena njira ziwiri. Yoyamba, kulowetsa kapaipi kopyapyala mu mtsempha wa m'chinena, kukayendetsa mpaka kufika pa kapamba, n'kutseka pomwe pakutuluka magazi. Zikakanika, kung'amba pamimba n'kumuchotsa. Munthu amakhala moyo popanda kapamba, anatero, koma matenda ena amamugwira mwamphamvu moyo wake wonse. Atamva kuti ndife a ku Malawi anaonjezera kuti malungo ndi oopsa kwambiri kwa munthu wotere.

Amami anakhala pansi. Mu July tinkayenera kupita kumudzi ku chinkhoswe cha azakhali, ulendo wanga woyamba chichokereni. Ine kapamba ndinkangomumva pa nkhani za ana otupa mimba. Sindinkadziwa kuti ndi amene amandisungira njira ya kwathu.

Adadi amayendetsa basi, ndipo anafika atavala jekete ya kuntchito. Dokotala atawafotokozera kuti mwana wawo anakokoloka ndi avalanchi, chigumukire cha chipale, anapempha kuti abwereze. Kenako anandiyang'ana.

"Anthu kwathu amathawa napolo," anatero. "Iwe wakwera galimoto kukamufunafuna."

Kapaipi kaja anakalowetsa masana omwewo. Ndinali maso koma wolemera mutu, ndikuona mitsempha yanga pa sikirini ngati mizu ya mtengo. Atamaliza anandiuza kugona chagada osapinda mwendo kwa maola angapo, ndipo ananditengera ku wodi ya odwala ofunika kuwayang'anira pafupi.

Masiku otsatira anali a kudikira. Namwino ankabwera pafupipafupi kudzatenga magazi, ndipo moyo wathu wonse unali pa nambala imodzi yosonyeza kuchuluka kwake. Ikaima, kapamba atsala. Ikatsika, ku fiyeta kukang'amba pamimba. Lachitatu thupi linatentha ndipo mbali yamanzere inawawa kuposa kale. Namwino anati zimachitika pambuyo potseka mtsempha, anandipatsa mankhwala. Sankandilola kudzuka ngakhale kupita kuchimbudzi. Za kabotolo ndi kabeseni kamene amakubweretsera kuseri kwa katani sindinena zambiri, koma munthu amene anavina pa phiri anaphunzira kudzichepetsa.

Lachinayi m'mawa nambala inatsika. Anapachika kachikwangwani pamutu pa bedi koletsa kudya ndi kumwa, ndipo dokotala wa opaleshoni anabwera kudzadziwana nane. Tsiku limenelo ndilibe nthabwala yake. Amami anafunda chitenje pamwamba pa jekete, anakhala pampando, milomo ikuyenda popanda mawu. Adadi ankayenda m'khonde kupita ndi kubwera. Ine ndinkayang'ana denga n'kumalankhula ndi chiwalo chimene sindinachionepo. Ndinachipepesa. Ndi munthu yekhayo amene ndinamupepesa pa nkhani yonseyi.

Madzulo anatenganso magazi. Nambala inali pomwe inali m'mawa. Lachisanu m'mawa inali yomweyo. Lachisanu madzulo inakwerako pang'ono. Dokotala anachotsa yekha kachikwangwani kaja.

"Zikuoneka kuti mupita naye kunyumba," anatero.

Amami anayamba kamfuu, anakagwira pakamwa atakumbukira komwe ali, koma theka linali litatuluka kale. Agogo ena achizungu pa bedi loyandikana anaomba m'manja osadziwa chomwe chachitika. Namwino anandibweretsera tiyi ndi tositi, ndipo sindinadyepo chakudya chokoma chonchija.

Mphamvu zitayamba kubwerera, ndinatumizira achimwene a Limbani uthenga woti madokotala akufuna kapamba wa wachibale, ndipo wa msuweni ndi amene amagwirizana bwino. Anafika madzulo ndi kachikwama, mswachi ndi mapijama zili momwemo, maso ali ofiira. Anauza namwino kuti ali okonzeka. Namwinoyo anachita kugwira khoma. Ine kuseka kunandipweteka mpaka anandionjezera mankhwala, koma sindikudandaula. Mabvuto naye anabwera ndi mphesa, anadya yekha, n'kundiuza kuti video ija inangogwira mitambo ndi mawu ake akuitana amayi ake.

Atandisamutsira ku wodi wamba, mayi wa zolimbitsa thupi anandiimiritsa koyamba. Miyendo inali ngati yobwereka. Tsiku loyamba ndinafika pakhomo la wodi, lotsatira kumapeto kwa khonde, kenako masitepe. Ndinatuluka patatha sabata ndi theka, ndi malamulo: osathamanga, osanyamula zolemera, osasewera mpira kwa miyezi itatu, ndipo phewa likangobayanso kapena mutu ukazungulira, kubwerera nthawi yomweyo. Masabata oyamba ndinkatopa ndi kusamba komwe. Ku sukulu ndinabwerera mu February, mnzanga wina akundinyamulira chikwama, zimene ndinazipitiriza sabata ziwiri nditachira kale.

Mu April anandijambulanso. Dokotala anationetsa kapamba pa sikirini, ali ndi chipsera koma akugwira ntchito, ndipo anandimasula. Mu July ndinakwera ndege. Mankhwala oteteza ku malungo ndinamwa osadumphitsa, mu neti ndinagona, ndipo pa chinkhoswe cha azakhali ndinavina mpaka fumbi linalowa m'makutu, ziwalo zanga zonse zili m'malo mwake. Pano ndikusewera mpira, ndikudya ngati anthu awiri, ndipo palibe chikundipweteka.

Tsopano malangizo, poti ndawagula modula. Mukamenyetsa nthiti kapena mimba mwamphamvu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale kunja kusakuoneka bala, ngakhale mukutha kuvina. Phewa lamanzere likamawawa popanda chifukwa, mukamamva ludzu losatha, chizungulire kapena thukuta lozizira, musadikire kuche. Nenani zoona kwa adokotala ngakhale makolo ali pomwepo. Kukalipiridwa kumapola msanga kuposa kapamba. Ndipo mukapita kumapiri kukagwa chipale, yang'anani kaye machenjezo a nyengo, kumbukirani zimene zinachitika masiku am'mbuyo, opani mbali imene mphepo yaunjika. Pansi pakalira kapena pakang'aluka, bwererani. Munthu wodziwa, wokhala ndi zida zonse, akakuuzani kuti iye akubwerera, inu mulibe chotsalira.

Mlandu wanga unazengedwa titabwerako kumudzi, chifukwa adadi anati saweruza munthu wodwala. Tinakhala pabalaza, amami ngati mboni, achimwene a Limbani ngati odandaula. Chigamulo chinali chakuti kwa miyezi itatu ndisalankhule Chingerezi m'nyumba, ngakhale liwu limodzi, ndiponso ndilembe nkhani yonseyi m'Chichewa ndi kukaiwerenga pamaso pa achinyamata a ku tchalitchi, kuti manyazi andigwire. Ndinaweramitsa mutu monga zimafunikira.

Adadi anaiwala zinthu ziwiri. Choyamba, mlongo wanga wamng'ono anabadwira konkuno ndipo Chichewa amangomva cha pamwamba, ndiye kwa miyezi itatu ndakhala ndikumutchula mayina onse a ku Ndirande iye akuyankha kuti zikomo. Chachiwiri, kundipatsa ine maikolofoni ndi gulu la anthu si chilango. Ndinawerenga Lamlungu lapitali. Pa gawo la mapijama abusa anatuluka panja kukaseka. Titamaliza, anyamata atatu anandizungulira pakhomo kufunsa kuti mphira ndinadula zazitali bwanji, ndipo adadi, amene anali kumbuyo kwanga, anandionjezera mwezi wina pomwepo.